Pini Yofiira Pakona ya Kufakitale

Wamapini anaimirira kutsogolo kwa mapu a msewu, pini yofiira ili m'zala. Dzinali anam'patsa ndi anzake a pakampani yolipiritsa magalimoto pamsewu waukuluwo, poti ntchito yake inali yomweyo: munthu akafa pamsewupo, iye ankabaya pini pamalo a ngoziyo. Chaka chikamatha, akuluakulu ankayang'ana mapuwo pogawa ndalama. Pamene mapini athithikana, mpamene pankamangidwa mlatho wa oyenda pansi.

Pakona ya kufakitale mapini anali ochepa. Komatu mpamene mlongo wake ankawolokera m'mawa uliwonse popita kokasoka zovala. Iye ndi amayi anzake ankadzera pabowo la mpanda wa waya, n'kuthamanga atagwirana manja, malole akulilima uku ndi uku. Powolokera povomerezeka panali kutali, ndipo wochedwa kuntchito ankam'dula malipiro.

Pamsonkhano wa dzulo lake, Wamapini anachonderera kuti pakonapo pamangidwe mlatho. Mkulu wa zachuma, bambo waulemu wake ndithu, anamvetsera modekha, kenako n'kuloza mapu. Anati thumba ndi lochepa, zipata zolipirira zikufunika makamera, ndipo ndalama sizigawidwa potengera mantha a munthu.

"Tipatseni mapini, bambo, ife tikupatsani mlatho."

Ndiye lero anali yekhayekha mu ofesi, anzake atapita kokadya. Akanadziwa ndani? Mapuwo palibe ankawafufuza, onse ankamukhulupirira. Kungobaya angapo pakonapo, basi, nkhani yatha. Anagunditsa nsonga papepala. Koma mlathowo ukanalandidwa kwa anthu a kumsika wa kumtunda, kumene mapini anali enieni, ndipo ina mwa iwo inali ya mayi amene nsapato yake anaiona yekha ili pakati pa msewu. Anagwidwa mantha, manyazinso akumudya. Pini ija anaibweza m'kachitini.

Ataweruka anapita kukapempha mlongo wake kuti azizungulira n'kukadzera powolokera povomerezeka paja. Mlongoyo anangoseka, akupukuta mbale.

"Achimwene, akandichotsa ntchito ana awa muwadyetsa ndinu? Msewu uja ndimaudziwa ngati khomo la nyumba yanga."

Mlatho unapita kumsika. Mvula itayamba, m'mawa wina wa nkhungu, lole inatulukira pakona paja mabuleki akulira. Amayi aja anali atagwirana manja monga mwa masiku onse, ndipo palibe anataya mnzake.

Maliro atatha, Wamapini anabwerera kuntchito, ana a mlongo wake atawasiya kwa mkazi wake. Mkulu wa zachuma anabwera yekha kudzam'pepesa, maso ali pansi. Anati m'bajeti ya chaka chamawa kona ija ili patsogolo penipeni, palibenso wotsutsa. Anatinso ngati zikumuvuta, mapiniwo abaye wina.

Pepani sapoletsa chilonda. Wamapini anakana, nati ntchito ndi yake.

Anatsegula kachitini kaja. Anabaya ya mayi woyamba, ya wachiwiri, n'kumapitirira, misozi ikum'tchinga m'maso. Ya mlongo wake anaisiya komaliza. Posakasaka malo ndi chala, anakhudza kachibowo kakang'ono papepalapo, pomwe nsonga inagunda tsiku lija.

Pini inalowa mosavuta.