Mizere Isanu ndi Iwiri ya Pakhoma

Anzake a ku yunivesite ankamutcha Injiniya, ngakhale mtsikanayo anali m'chaka chachiwiri ndipo anali asanamangepo ngakhale khola la nkhuku. Dzinali linamukanirira chifukwa cha tepi yoyezera imene sinkachoka m'thumba mwake. Patchuthi, iye ndi anzake khumi anakwera ndege kupita kudziko lina losauka, kumene madzi osefukira anasakaza tauni yathunthu, kuti akathandize kukonza nyumba.

Ntchitoyo inali ndi ndondomeko yolembedwa, ndipo aphunzitsi amene ankatsogolera gululo ankaitsatira ngati malamulo khumi. Nyumba imodzi patsiku. Ukalowa, jambula khoma lililonse pafoni usanalikhudze, chotsa matope, tsuka makoma ndi mankhwala opha nkhungu, paka penti, jambulanso. Zithunzizo zinali za akufuna kwabwino amene anawatuma, kuti akaone kusintha.

Nyumba yachisanu inali ya mayi wina telala. Makina ake osokera anali pakona atachita dzimbiri, ndipo mzere wa matope unazungulira chipinda chonse pomwe madzi analekezera. Mayiyo anawalandira mwaulemu, kenako ananyamula ndowa kupita kukadikirira galimoto ya madzi akumwa, imene inkabwera kamodzi patsiku.

Injiniya anapatsidwa khoma la pafupi ndi chitseko. Anaonapo timizere ta pensulo, koma m'nyumba zinayi zapitazo anali ataona zolembalemba za ana zosawerengeka, choncho sanafunse munthu. Anakwecha ndi burashi mpaka mapewa kuwawa, ndipo kunena zoona ananyadira, pakuti khoma lake linayera kuposa a anzake onse. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, kungoti saonjezerapo kuti kalumoko kamatemanso.

Mayiyo atabwerera anatula ndowa pakhomo n'kuyang'anitsitsa khoma lija. Kenako analankhula motsitsa mawu, dalaivala wa gululo n'kumamasulira.

"Achemwali, mayiwa akufunsa kuti mizere ija yapita kuti."

"Ndatsuka, bambo. Inali yachani?"

Dalaivala anafunsa, anamvetsera, n'kuvula chipewa. "Ankamuyezera pamenepa mwana wawo wamkazi, chaka ndi chaka, pa tsiku lake lobadwa. Mwanayo anapita ndi madzi. Zithunzi zinapita, zovala zinapita. Chinatsala ndi mizere ija basi."

Injiniya anagwidwa ndi manyazi komanso chisoni. Aphunzitsi anayamba kupepesa, diso limodzi lili pawotchi, popeza penti inali isanatsegulidwe n'komwe.

Apo ndi pamene Injiniya anakumbukira foni. Chithunzi cham'mawa chija, chimene anangochijambula pofuna kukwaniritsa ndondomeko, chinkaonetsa mizere yonse isanu ndi iwiri pamodzi ndi felemu la chitseko kuyambira pansi mpaka pamwamba. Anayeza felemulo ndi tepi, anakhala pansi n'kuyamba kuwerengera kuseri kwa pepala la ndondomeko. Aka kanali koyamba kuti masamu a m'kalasi amugwirire ntchito.

"Auzeni mayi kuti malo a mzere uliwonse ndiwapeza," anatero. "Koma alembe ndi iwowo, ine ayi."

Choncho Injiniya ankagwira tepi, mayiyo n'kumalemba ndi pensulo, atagwada poyamba, kenako atawerama. Pa mzere wachisanu mayiyo anapukusa mutu n'kukankhira chala cha mtsikanayo m'mwamba pang'ono.

"Akuti mwatsitsa, achemwali," anatero dalaivala. "Chaka chimenecho mwanayo anatalika msanga, moti anamusokera yunifomu kawiri."

Injiniya anawerengeranso. Anali atalakwitsadi ndi theka la sentimita. Telala sumuphunzitsa muyezo wa mwana wake.

Aphunzitsi anapinda pepala lawo n'kuuza enawo kuti khoma limenelo asalipake penti.

Atamaliza mzere womaliza, mayiyo anapempha foni ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali, ndipo Injiniya atasuzumira anaona chimene m'mawa sanachione: mzere wa matope unadutsa chikhatho chimodzi chokha pamwamba pa mzere womaliza wa mwanayo. Misozi inalengeza m'maso mwa Injiniya. Mayiyo anabweza foni ndi manja awiri n'kunena mawu ochepa.

"Akuti wamatopewo mwachita bwino kuutsuka," anatero dalaivala. "Umenewo musaubwezerepo."