Kamzere ka Pansi pa Tsamba

Tionge anali atakhala mu saluni ya ba Monde ku Matero, tsitsi litamasulidwa mbali imodzi, pamene mwini saluniyo anayamba kuseka yekha akuyang'ana foni.

"Iwe Tionge, ivi vamene walemba pansi pa webusayiti yanga ni vichani? Ine nigulitsa mawigi, osati chikondi."

"Vichani, ba Monde?"

"Mvela." Ba Monde anakweza mawu kuti aliyense amve. "'Chilekwa, moto wako wowotcherera zitsulo umandithobwa m'maso, koma ndimalephera kuyang'ana kumbali.'"

Azimayi onse anafa nacho chiseko.

"Chilekwa uja wa mageti ku Lilanda? Mwana wa ba elda, kansi ndiwe wa so!" anatero mmodzi wa iwo akuloza Tionge.

Tionge sanaseke.

Ntchito yake inali yopangira anthu mawebusayiti. Sankalemba tsamba lililonse payekhapayekha. Anali ndi chikombole chimodzi, ngati cha njerwa: mutu wa tsamba, malo a zithunzi, ndi kamzere ka pansi. Iye ankangolemba mawu a kasitomala m'timafayilo, pulogalamu n'kuwathira m'chikombolemo, masamba n'kutuluka atapsa kale. Mawebusayiti asanu ndi anayi ankatuluka m'chikombole chomwecho.

Ndipo m'menemo ndi momwe ankabisa mtima wake. Kope amayi ake akanalipeza, foni ang'ono ake ankaigwiragwira, koma m'chikombole palibe ankalowamo. Mawuwo anawaika pakati pa zizindikiro ziwiri zouza pulogalamu kuti izi usazitulutse. Dzulo lake masana anasintha nambala yake ya foni pa kamzere ka pansi, n'kumanganso mawebusayiti onse pamodzi. Chala chiyenera kuti chinafufuta chizindikiro chimodzi.

Onse asanu ndi anayi. Ndi ya mpingo yomwe.

Lero 2 koloko bambo ake, a Jameson, mkulu wa mpingo, anali oti aionetse webusayiti ya mpingoyo pakhoma, pamaso pa akulu ampingo ochokera ku George, Chawama ndi Kabanana. Wotchi ya mu saluni inkati 20 pasiti 1.

Anamanga duku pa tsitsi losathalo n'kuliyatsa liwiro.

"Umupatse moni mulamu!" ba Monde anakuwa ali pakhomo.

Minibasi inali itaima pa siteji, injini ikulira koma osasuntha. "Lilanda, Lilanda! Umozi chabe!" kondakitala ankakuwa, mipando inayi ili yopanda anthu. Tionge anakhala pawindo akuluma chikhadabo. M'maganizo ankaona mawu aja atatambalala pakhoma la tchalitchi, zilembo zazikulu ngati mikono, bambo ake atavula magalasi. Koma chimene chinkamuwawa koposa chinali china. Miyezi isanu ndi itatu ankadutsa pa shedi ya Chilekwa, kupereka moni, kufunsa za zithunzi za mageti zomwe anali nazo kale. Ankalota kuti adzanena tsiku lina lake, kuli kamvula kowaza, ali awiri. Osati chonchi, pansi pa mitengo ya mawigi.

Anafika kunyumba kutatsala mphindi khumi ndi ziwiri kuti 2 koloko ikwane. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa. Laputopu inayaka, batire likuonetsa 6 peresenti.

Anatsegula chikombole. Zinalidi choncho: chizindikiro chotsegulira panalibe. Anafufuta chiganizo chonse n'kulamula pulogalamu kuti imange. Kumanga sikunachedwe, masamba onse anatuluka m'kuphethira kwa diso. Vuto linali kuwakweza pa intaneti kudzera pa foni yake, yomwe inkakoka ngati ngolo ya makala. Ankakwera imodziimodzi motsata alifabeti. Butchala. Galaja. Kiliniki.

Foni inalira. Anali bambo ake.

"Tionge, alendo akhala pansi. A Virginia a kutchalitchi kuno alumikiza kale makina oonetsera pakhoma. Tilembe chiyani kuti itseguke?"

"Dikirani pang'ono, adadi. Mphindi ziwiri."

"Tidikire chiyani? Unati zonse zatha."

"Yambani ndi nyimbo."

"Nyimbo taimba kale."

"Imbani ina, chonde."

Tionge anamva bambo ake akutsokomola n'kuyambitsa nyimbo ndi mawu okayika. Anadula foni kuti intaneti ibwerere. Batire linali pa 3.

Malo ochapira magalimoto. Kenako mpingo. Kamzere kobiriwira kanayenda, kanaima pakati, kanaima ndithu. Kenako kanadumpha kufika kumapeto. Anatsegula tsambalo pa foni n'kutsikira pansi. Dzina lake ndi nambala basi. Anatumizira bambo ake adiresi.

Nazale. Resitilanti. Saluni. Kunatsala imodzi, yomalizira pa alifabeti: Zitseko ndi Mageti a Chilekwa.

Laputopu inathima.

Tionge anakhala akuyang'ana nkhope yake pa galasi lakudalo, duku litapendekeka. Magetsi sankabwera mpaka madzulo. Mu msewu wawo wonse munali jenereta imodzi yokha, ndipo iye ankadziwa bwino mwini wake.

Anayenda pang'onopang'ono, laputopu ataikumbatira pachifuwa. Pa shedi panalibe phokoso. Chilekwa anali atakhala pa geti losapenta, magalasi akuda ali pachipumi, foni ili m'manja. Sanadzuke.

"Ba Tionge."

"Ba Chilekwa. Nipempako malaiti, nichajeko pang'ono."

"Kasitomala wanga wa ku Mtendere anitumila foni. Akuti mageti yanga ni yabwino, koma nizimvelako chifundo bantu ba maso."

Tionge anayang'ana pansi, pa tizidutswa ta zitsulo. "Ni kulakwitsa chabe. Nabwela kufuta."

"Kulakwitsa kulemba, olo kulakwitsa kuonetsa?"

Mphepo inagwedeza lata la padenga.

"Kuonetsa," anayankha motsitsa.

Chilekwa anaika foni m'thumba. Anapita pa jenereta, anagwira chingwe, koma sanakoke.

"Mafuta alimo," anatero osatembenuka. "Koma mukafuta, nizasala na chani? Niuzeni na pakamwa, ndiye nilize."

Tionge anaika laputopu pa benchi.