Chingwe Chofiira Pathandala

Ajira ankasankha mpunga pakhonde, kamwala kamodzikamodzi, osafulumira. Maso anali palichero, koma makutu anali kuchipata, kumene mchimwene wake Swadick ankalonjera mlendo.

Mlendoyo anali Che Atumani, mwini boti limene Swadick ankagwirako ntchito. Sabata yathayo a komiti ya pagombe la Nkope anali atawalanda maukonde atatu. Izi zinachitika pagulu la pa Facebook patatuluka chithunzi cha anthu a Che Atumani akukoka neti ya udzudzu yodzaza ndi kasawala, tiana ta chambo. Amene anaika chithunzicho anadzitcha Mwana wa Nyanja, ndipo palibe ankamudziwa.

Ajira yekha ndiye ankadziwa. Jestina, mnzake wa kusekondale, anamuikira VPN pafoni, pulogalamu yobisa kumene munthu ali. Dzinalo Ajira anachita kupeka, nambala yake sanaike. Gombe lonse linkalankhula za Mwana wa Nyanja, iye n'kumangodutsa ndi ndowa pamutu.

Che Atumani anakhala pampando n'kutulutsa foni.

"Mphwanga wa ku Blantyre, katswiri wa makompyuta uja, wafufuza masiku atatu," anatero. "Akuti munthuyu ali ku Holland."

"Ndiye mukam'funefune konko, bwana," anaseka Swadick. "Kapena minibasi ya kumeneko sinadzaze?"

Ajira anaweramitsa nkhope kuti asaone kumwetulira kwake. Katswiri wa m'tauni, masiku atatu, wagonja kwa mtsikana amene aphunzitsi ankaiwala dzina lake m'kalasi.

"Seka, mwanangu," anatero Che Atumani. "Dzulo mkazi wanga, amene kompyuta sanaikhudzepo, wayang'ana kamodzi kokha. Taona apa."

Anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Pansi pake, kukona, panali nsonga ya nsungwi yomangidwa ndi chingwe chofiira.

"Pagombe lonseli, ndani amamanga thandala loyanikira usipa ndi chingwe chofiira? Ku Holland kulinso thandala lako?"

Swadick anasiya kuseka. Chingwecho anachitola yekha m'madzi chaka chatha, ndipo anzake ankamuseka kuti thandala lake lavala ngati mkwatibwi.

"Bwana, foni yanga ndi ya mabatani. Ngakhale kamera ilibe."

"Foni amabwereka. Mapanga awiri avumbwitsa, Swadick. Sungadye m'boti mwanga n'kumadyanso ndi a komiti. Mawa usabwere."

Manja a Ajira anaima mumpunga. Tsiku lojambulalo anali atabisala kuseri kwa thandala kuti asamuone. Anasamala dzina, anasamala nambala, koma sanaganize kuti chithunzi chimaulula pamene wojambula anaponda. Swadick anali ndi mkazi woyembekezera, ndipo mwini boti mmodzi akakuchotsa chifukwa cha ukazitape, enanso sakulemba.

Che Atumani anaimirira n'kukonza kofia yawo. Anali atafika pakati pa bwalo pamene Ajira anaika lichero pansi.

"Che Atumani."

Anatembenuka modabwa. Zaka zonsezi mtsikanayu sankawayankha china koposa moni.

"Achimwene sakudziwa kanthu. Ndinajambula ndine, ndinaikanso ndine." Anatulutsa foni m'chitenje, n'kutsegula tsamba la Mwana wa Nyanja, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Che Atumani anayang'ana foniyo nthawi yaitali, kenako mtsikanayo.

"Iwe? Wosatha ngakhale kugula sopo pagolosale osachita manyazi?"

"Ine ndemwe," anatero Ajira. Sanayang'ane pansi. "Ndinabisala chifukwa ndimakuopani. Mpaka pano ndikukuopani. Koma bambo athu ankabwera ndi chambo chachikulu ngati mkono wanuwu, pano achimwene akubwera ndi tinsomba tonga zala. Mukatha tianato, mwana wawo adzapha chiyani? Ngati pali wochotsedwa, ine ndilibe boti loti mundichotsemo. Achimwene asiyeni. Ndipo mukadzakokanso netiyo, ndidzaika chithunzi china ndi dzina langa lenileni."