Kabati Yomwe Bambo Sanaimve

Kuyambira m'mawa mtima wanga unali m'mwamba. Singano ya pawa fakita pa kabati ya magetsi inkangotsika, ndipo mawaya opita ku mamota a fakitale yathu ya ayezi ankatentha osagwirika. Amagetsi pamalopo ndife awiri, ine ndi bambo anga, koma mkulu ndi iwo. Bwana anali atanena kale kuti makina akadzaimanso adzapeza wina woti alowe m'malo mwa bambo.

Pawa fakita si ufiti ayi. Mota imakoka magetsi ena amene sagwira ntchito, amangopita ndi kubwerera m'waya ngati mwana amene waiwala chomwe wamutuma. Makapasita a m'kabatimo ndiwo amasunga magetsi oyendayendawo pafupi ndi mota kuti asamalemetse waya. Singano ikatsika chonchi, nthawi zambiri pali kapasita yomwe yatopa.

Kapasita yotopayo bambo ankaidziwa ndi khutu. Ankangoima pa chitseko cha kabati n'kuloza. Koma tsikuli ina inkalira ngati njuchi ya m'botolo, mpaka mayi wosesa anadandaula, bambo n'kumati zonse zili bwino, yabodza ndi singano. Anaigogoda ndi chala, anapukuta magalasi awo, ananditumanso sikuludiraiva yomwe inali m'thumba mwawo momwemo. Ndinapsa mtima. Ndinkatuluka, kulowanso, kugwira ichi n'kuchisiya.

Bwana atasuzumira pakhomo n'kufunsa za phokosolo, ndinayankha msanga kuti bambo aipeza kale, ndi kapasita yapansi kumanzere. Bambo anandiyang'anitsitsa pakamwa, kenako n'kuvomera ndi mutu. Apo mpamene ndinazindikira. Mawu anga sanawamve, anachita kuwerenga milomo.

Tinazimitsa kabati n'kudikira kuti makapasita ataye magetsi otsalira, chifukwa amaluma ngakhale atazimitsidwa. Kudikirako kunandiwawa, aliyense maso ali kwina. Yapansiyo tinaipeza yotupa, mafuta akuchucha. Titaisintha singano inakwera, mawaya anayamba kuzizira, koma ine ndinali ndikutenthabe.

Bambo ndinawakoka dzanja kuti andiyang'ane, n'kuwafunsa kuti kusamvaku kunayamba liti. Anati chaka chatha, loyamba linali khutu lamanzere. Ndinawakalipira, inde, mwana kukalipira kholo. Ndinati pa magetsi sitibisirana matenda, tsiku lina ndidzakuwa kuti asagwire waya wamoyo iwo osamva, ndiye ndidzauza anthu chiyani? Mawa tipita kuchipatala, afune asafune. Sananditsutse, ndipo kusatsutsako ndiko kunandiliza. Anakhala pa bokosi la zida.

"Bwana ndimuuza ndekha," anatero chapansipansi. "Koma amayi ako usawauze kaye, mwanawe. Iwo amaganiza kuti ndikapanda kuwayankha ndi mwano chabe. Bola azindikwiyira kusiyana n'kuti azindimvera chisoni."