Musunge Kaye, Bambo

Chaka chachitatu ku koleji anatipatsa ntchito yopanga filimu ya mphindi khumi, yonena za munthu weniweni ndi ntchito yake. Kamera sankangopereka chisawawa. Unkayamba walemba pulani, kuchita kafukufuku, kukaona malo, kukonza mafunso, kusainitsa munthuyo fomu yovomera kujambulidwa, ndipo aphunzitsi akakhutira m'pamene ankakulembera kapepala kokatengera zida. Zidazo unkakhala nazo tsiku limodzi lokha, poti tinalipo ophunzira makumi anayi, makamera atatu.

Aphunzitsi athu tinkawatchula kuti a Chipewa, chifukwa kutenthe kuzizire chipewa sichinkachoka kumutu, moti ena ankalumbira kuti anabadwa nacho. Anali ndi malamulo awo amene ankatilembetsa m'makope ngati ana a pulayimale, ndipo lalikulu linali la kafukufuku.

"Pa kafukufuku mukangonunkhiza, osadya," ankatero akugogoda tebulo. "Munthu akayamba kukhuthula zakukhosi kamera palibe, muimitseni. Mwaulemu, koma muimitseni. Nkhani yonenedwa kachiwiri ndi tiyi wozizira. Misozi siituluka kawiri, mwamva?"

Ine, mtsikana womvera, ndinalemba, n'kudula mizere iwiri kunsi kwake.

Anzanga anasankha osoka nsapato, oyendetsa mabasi, wina anasankha mlonda wa pasukulu pomwepo kuti asayende mtunda. Ine ndinasankha bambo anga, amene amalemba zikwangwani ndi penti. Ndinkauza anthu kuti ndasankha iwo chifukwa cha ulesi. Linali bodza. Mayi anga anachoka pakhomo ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, osabweranso, ndipo palibe anandiuzapo chifukwa chake. Anandilera ndi azakhali, achemwali awo a bambo, amene ndikawafunsa ankangoti, "Zimenezo ukafunse bambo ako." Pomwe bambo angawo mawu amawatulutsa ngati akugula. Ukawapatsa moni amayankha, ukawafunsa ngati adya amati adya, basi nkhani yathera pomwepo. Zaka khumi ndi zisanu ndinkasowa poyambira. Ndiye ndinaganiza kuti ntchito ya kusukulu indipatsa mpando pafupi nawo ndi chifukwa chomveka chofunsira mafunso.

Amagwirira ntchito m'kachipinda kakuseri kwa sitolo ya zitsulo. Muli zitini za penti zosanjikizana mpaka pawindo, maburashi oviikidwa m'botolo la palafini, makwerero athabwa amene mtundu wake weniweni sudziwikanso, ndi rula yayitali yakuda ndi thukuta la m'manja. Kutsidya kwa msewu kuli anyamata osindikiza zikwangwani pa kompyuta, amene amamaliza mu ola limodzi ntchito imene bambo amakhala nayo masiku atatu. Mu pulani yanga ndinalemba kuti filimuyo ikhala ya ntchito imene ikufa. Bambo sindinawauze mutu umenewu.

Tsiku la kafukufuku ndinapita ndi kope ndi bolopeni basi. Ndinakhala pa ndowa yovundikira, iwo akulemba chikwangwani cha malo ometera. Ndinayembekeza kuti ndivutika, koma zinandidabwitsa. Munthu ukamufunsa za ntchito yake amamasuka. Anandionetsa mmene amapakira choko pachingwe, kuchikoka, n'kuchisiya kuti chimenye thabwa n'kusiya mzere woongoka. Anandionetsa kandodo kokulunga nsanza kunsonga kamene amatsamiritsapo dzanja kuti lisanjenjemere. Anati mwini sitolo aliyense amafuna mawu makumi awiri pa thabwa lokwana mawu asanu, ndipo ukamumvera, chikwangwani chimaoneka ngati kalata ya kukhoti. Anaseka. Bambo anga anaseka, ine ndikuona ndi maso angawa.

Ndinafunsa funso limene ndinalilemba mongodzazira tsamba.

"Pali chikwangwani chimene simunachimalize?"

Burashi inapitiriza kuyenda. Sanandiyang'ane.

"Chimodzi," anatero. "Cha sitolo ya nsalu. Ndinali pamakwerero awa omwewa, ndafika pakati pa liwu. Ndiye ndinaona mayi ako kutsidya kwa msewu, ali ndi sutikesi. Anaima, kundiyang'ana. Ine kuwayang'ananso. Ankadikira kuti nditsike."

Mawu awo anali atasintha, akutuluka pansipansi. Anapukuta burashi m'mphepete mwa chitini.

"Anthu amanena zawo. Azakhali ako nawonso ali ndi zawo. Koma iwe wakula tsopano, uyenera kudziwa. M'mawa wa tsiku limenelo, iwe uli mtulo, mayi ako anandifunsa chinthu chimodzi. Ndipo ine..."

"Bambo, dikirani."

Ndinakweza ndi dzanja lomwe, ngati wapolisi wa pamsewu.

"Musunge kaye. Musanene pano. Mudzanene tsiku lojambula, kamera ilipo. Ikakhala yoyamba imamveka bwino."

Anandiyang'ana tsopano. Burashi inali m'malere, ndipo dontho la penti yofiira linagwera pansapato yawo. Anayang'ana kope langa, kenako nkhope yanga.

"Chabwino," anatero. "Tandipatsira kansanza ako."

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinadekha zaka khumi ndi zisanu, ndipo nkhono itatulutsa maso ndinaigogoda ndi bolopeni. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ndinatuluka m'chipinda muja ndikudzimva. Mtima unkagunda, inde, koma osati ngati mwana amene watsala pang'ono kumva za mayi ake. Unkagunda ngati wa mlenje. M'basi ndinalemba pabondo: funso lachisanu ndi chiwiri, nkhani ya pamakwerero, kamera iyandikire nkhope, osadula.

A Chipewa atawerenga pulaniyo anakankhira chipewa kumbuyo, chinthu chimene sankachita wamba.

"Apa ndiye pali filimu," anatero, n'kuiwerengera kalasi yonse. "Mwamva? Waimitsa bambo ake omubereka. Kudziletsa kumeneko. Enanu mukadalira naye limodzi n'kubwera kuno chimanjamanja."

Anzanga anaomba m'manja, ena mokakamizika. Mutu wanga unakula osakwananso pakhomo.

Masabata atatu otsatira ndinagwira ntchito ngati bulu. Ndinabwerera kuchipinda kuja kanayi. Ndinapeza kuti dzuwa limalowa pakhomo cha m'ma thili koloko n'kugwera patebulo pawo penipeni. Ndinapeza kuti owotcherera zitsulo a pafupi amazimitsa makina awo Lachitatu masana, ndiye ndinapempha kuti zida andipatse Lachitatu. Ndinayeza chipinda ndi mapazi, ndinawerenga masoketi a magetsi, ndinajambula timabokosi papepala kusonyeza chithunzi chilichonse mmene chidzaonekere, mpaka kamunthu kokhala pampando kakugwetsa msozi. Maulendo anayi onsewo ndinkayang'ana makoma, windo ndi denga. Bambo ankandilandira ndi moni, kusuntha zitini ndikawapempha, ndipo fomu anasaina osaiwerenga. Sindinaone chachilendo chilichonse, poti kukhala chete ndi khalidwe lawo.

Lachitatu lija tinafika atatu: ine, mnzanga wojambula amene timamutcha Ndevu, ndi mtsikana wina wogwira maikolofoni. Tinapeza chipinda chosesedwa, zitini zitafoletsedwa mwa mitundu yake, bambo atavala jekete yawo ya kumaukwati ndi tayi. Zinandinyansa. Pulani yanga inali ya ovolosi yothimbirira ndi penti.

"Bambo, mungavale zogwirira ntchito? Izi zikuoneka ngati mukupita kokafunsira ntchito."

Anapita kuseri kwa chitseko, n'kusintha. Ndevu anamwaza zitini zija pang'ono kuti pazioneka pogwirira ntchito. Tinawakhazika pampando, tinawapanikiza kamaikolofoni pachifuwa, tinayatsa getsi lowala m'maso mwawo.

Mafunso asanu ndi limodzi oyamba anayankha bwino lomwe, ngati munthu wa pa wailesi. Chingwe cha choko anationetsa, kandodo anationetsa. Dzuwa linalowa pa nthawi yake. Ndinakodola Ndevu kuti ayandikitse kamera.

"Bambo, pali chikwangwani chimene simunachimalize?"

Anayang'ana mu kamera mwenimweni.

"Ayi. Ine ntchito ndikaiyamba ndimaimaliza. Makasitomala anga angachitire umboni."

Ndinaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene waponda pamoto.

"Nanga cha sitolo ya nsalu chija? Munali pamakwerero."

"Aa, chija? Penti inandithera. Ndinakamaliza mawa lake."

A Chipewa anatiphunzitsanso njira ina. Ankati munthu akakana kuyankha, iwe khala duu, usamuthandize, chete akamuwotcha alankhula yekha. Ndiye ndinakhala duu. Ndinawachita zimenezo bambo anga, pamaso pa alendo awiri, getsi likuwawotcha pamphumi. Iwo anaika manja pamaondo n'kumandiyang'ana. Sanakwiye, sanalire. Ankangondiyang'ana ngati mmene amayang'anira thabwa limene lapindika. Kunja kunadutsa galimoto. Thukuta linatsika m'mbali mwa khutu lawo mpaka m'kolala.

"Usadule," Ndevu anandinong'oneza. "Nkhopeyi ikulankhula yokha."

Tinakhala choncho mphindi yathunthu ndi masekondi khumi. Ndikudziwa chifukwa ndinadzawerenga pa kompyuta. Amene anagonja ndine.

Titamaliza, anzanga ananyamula zida kupita nazo kumsewu. Ine ndinatsalira. Bambo anali atabwerera patebulo, akutsuka maburashi mu palafini imodziimodzi.

"Bambo, kamera yazima. Anzanga atuluka. Ndiuzeni tsopano."

Anafinya burashi ndi kansanza, n'kuiongola nsonga ndi zala.

"Tsiku lija ndinkauza mwana wanga," anatero. "Lero kunabwera anthu a filimu."

"Ndine yemweyo, bambo."

"Pita, anzako akukudikira. Zida za eni ake zingabedwe pamsewupo."

Ndinapita. Ndinalibe nkhani ya pamakwerero, ndiye pokonza filimuyo ndinachita zimene wophunzira aliyense akadachita. Ndinaika funso langa, ndinaika yankho lawo, kenako ndinasiya chete uja yense osadulapo ngakhale sekondi. Pambuyo pake ndinaika chithunzi cha makina a anyamata a kutsidya akulavula chikwangwani. Aliyense woonera ankaganiza kuti mkuluyo akulirira mumtima ntchito yake imene ikutha. A Chipewa anandipatsa malikisi amene anati sanapatsepo munthu chiyambire kuphunzitsa. Ndamva kuti mpaka pano amaionetsa kwa a chaka chachitatu, n'kuimitsa pa nkhope ya bambo anga, kuwauza kuti taonani zimene kafukufuku wabwino amabala.

Azakhali nditawafotokozera anangogwira pakamwa.

"Anayamba okha? Achimwene anga? Iwe n'kuwaletsa?" Anapukusa mutu. "Sukulu inakupweteka mwana iwe. Ine zimene ndimadziwa n'zakumva, za anthu a pamsewu. Amene anali maso m'nyumbamo m'mawa umenewo ndi awiri, ndipo winayo sitidziwa kumene ali."

Padutsa zaka zinayi. Ndimagwira ntchito yojambula anthu akulankhula, ndipo amati ndimaitha. Kuchipinda kuja ndimapita mwezi ndi mwezi, wopanda kope, foni nditazimitsa, n'kukhala pa ndowa yomwe ija. Ndimawagwirira chingwe cha choko. Timakamba za penti imene yayamba kubwera yamadzimadzi, za maso awo amene ayamba kuchita chifunga. Ndinapepesa kawiri. Kawiri konse anati palibe chimene ndinalakwa, ndinkatsata za kusukulu, ndipo anasangalala kuti ndinakhoza. Akadandikalipira bwenzi zili bwino.

Mwezi watha ndinawapeza alibe ntchito, atangokhala pakhomo kuyang'ana msewu. Ndinakhala nawo nthawi yaitali osanena kanthu, osati chete wa a Chipewa uja, chete wamba. Kenako ndinalephera kupirira.

"Bambo, mayi anakufunsani chiyani m'mawa uja?"

Sanazembe, sananamizire penti. Anakwinya pamphumi ngati munthu amene akufunadi kukumbukira, milomo ikugwedera pang'ono. Ndinaona kuti akuyesetsa, ndipo m'pamene ndinachita mantha.

"Unati ndisunge," anatero potsiriza. "Ndinasungadi, mwana wanga. Koma pamene ndinaika sindikupadziwanso."