Kompresa ya Malemu

"Musazule chingwecho, achimwene," anatero Kalumo.

Achimwene akewo anazula basi. Kompresa inapuma kampweya kotsala, m'shedi monse n'kukhala zii. Panja wogula kompresayo anali atatsegula kale kumbuyo kwa galimoto yake, akuimba likhweru ngati pakhomopo sipanagwe maliro sabata yomweyo.

Dzina loti Kalumo anamupatsa ndi bambo ake, poti lumo silinkachoka m'manja mwake. Zilembo zonse zimene malemuwo ankapopera pa magalimoto ndi pa zikwangwani za masitolo, ankazidula iyeyo pa mapepala olimba. Akatha ankamata tepi ndi nyuzipepala paliponse pomwe penti siyenera kufika. Kupopera kokha ndiye kunali kwa bambo. Achimwene ake anathawa kalekale, ati fungo la penti limawapweteka mutu. Lero mutu unali bwinobwino, poti wogula wabwera.

"Kompresayi ikapita, ine ndidya chiyani?" anafunsa Kalumo.

"Iwe, kudula mapepala n'kujambula? Amene ankadziwa ntchitoyi tawaika m'manda. Ukufuna chitsulochi chichite dzimbiri?"

"Nanga galimoto ya buledi ili panjayo? Bambo anailandira, ine ndinamata kale zonse. Changotsala n'kupopera."

"Apopere ndani?"

"Ineyo."

Achimwene anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba kumveka pakhomopo chichitikireni malirowo. Amayi awo anali chikhalire pa benchi pafupi ndi chitseko, manja pamiyendo. Sanayang'ane aliyense.

"Musiye ayese," anatero amayi. "Akatha, kompresa ikhala. Akalephera, unyamule."

Achimwene anabwezera chingwe mokwiya, kompresa n'kuyambanso kulira. Kalumo anatenga kamfuti kopopera penti pa msomali wake. Kanali kopepuka kuposa momwe ankaganizira, ndipo pomwe chala cha bambo chinkakhala panali poterera. Zaka zonsezi ankakaona tsiku ndi tsiku, koma anali asanakagwirepo.

Anathira penti yofiira m'kakapu, n'kuonjezera mankhwala osungunulira. Ochuluka bwanji? Anaima kaye. Anafufuza m'mutu mwake n'kupeza kuti sanaonepo bambo akusakaniza, ngakhale kamodzi. Anangothira mwa maso.

Pepala la zilembo linali pamalo pake pa chitseko cha galimoto, lowongoka bwino, tepi yogwira m'mbali monse. Pamenepo palibe akanamutola chifukwa. Anakanikiza kachitsulo. Penti inatuluka yamadzimadzi, kulowa pansi pa pepala, n'kuyamba kutsetsereka. Anapukuta msangamsanga, anaonjezera penti m'kakapu kuti ilimbe. Ulendo uno kamfuti kanatsamwa, kenako kanalavula madontho akuluakulu mpaka pa nyuzipepala ya pa galasi.

Wogula anasiya likhweru.

Kalumo anamatula pepala pang'onopang'ono, ngati kuchedwa kungasinthe kanthu. Zilembo zinali zitalowererana, penti ikuyenderera mpaka pansi pa chitseko. Palibe akanawerenga kuti ndi buledi.

"Waonatu," anatero achimwene. Sanasekenso, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kuseka kuja.

Ananyamula kompresa awiri ndi wogula, kamfuti n'kukaponya pamwamba ngati mbasela. Galimoto ya wogula itatuluka pa geti, pomwe panali kompresa panatsala malo oyera amakona anayi, penti ya mitundumitundu itazungulira.

Kalumo anakhala pa chitini, manja ali psuu. Misozi sinabwere. Chinabwera ndi mkwiyo, ndipo anadabwa kuona kuti sunali wa achimwene.

"Amayi, ndakhala muno kuyambira ndili ndi yunifolomu. Zitheka bwanji kuti sindidziwa kusakaniza penti?"

Amayi anakonza mpango wawo.

"Bambo ako akafuna kusakaniza ankakutuma."

"Kukagula tepi," anatero Kalumo. "Eya. Imatha msanga tepi."

"Ankati ukadziwa zonse uchoka, ngati mkulu wako. Ankati bola udziwe theka."

"Inu mumadziwa?"

Amayi anadzuka movutikira, n'kupita ku kabati yachitsulo ya pakona, yomwe malemu sankalola munthu kuikhudza. Anamasula kiyi pa nsonga ya nsalu yawo, natsegula.

Munali tepi yokhayokha. Mipukutu yosatsegula, yosanjidwa bwinobwino kuyambira pansi mpaka pamwamba, ya pansiyo itasanduka yachikasu ndi ukalamba. Mpukutu umodzi unagwa, n'kugubuduka mpaka pa phazi la Kalumo. Amayi anawerama, anautola, anaupukuta fumbi ndi nsalu yawo, n'kuubwezera pamalo pake.