Hendulo ya Bambo a Molly

Mwera utayamba kuwomba mu Juni wa 1975, chifuwa cha a Luka Mwale chinayambanso. Chaka chilichonse zinkatero, koma ulendo uno anafika potsokomola mpaka kugwira khoma. Mkazi wawo, Nachisale, anawakokera kuchipatala ku Salima. Dokotala atawamvetsera pamsana sanabise mawu: akapitiriza kugwira ntchito yolemetsa m'mamawa kukuzizira, chibayo chiwagwira, ndipo pa msinkhu wawowo chikawagwira sichiwasiya.

Ntchito yolemetsayo Nachisale ankaidziwa. Inali galimoto.

Anali ndi pikapu yakale yobiriwira imene ankanyamulira usipa wouma kuchokera ku Senga Bay kupita kumsika wa Salima. Nsomba zinali za Nachisale, galimoto inali ya a Luka, ndipo pa zaka makumi atatu za ukwati wawo anali asanagwirizanepo kuti chikudyetsa chinzake n'chiti. Nthawi yotentha pikapuyo inkalira ndi kiyi bwinobwino. Kukangozizira, inkabuula kawiri n'kukhala duu. Zikatero a Luka ankatenga hendulo, chitsulo chokhota chija, n'kuilowetsa pabowo la kutsogolo n'kumapukusa injini ndi manja, jekete atavula, thukuta lili kamukamu, mphepo ya kunyanja ikuwamenya pamtima.

"Mwamva zimene wanena dokotala, bambo a Molly?" anafunsa Nachisale pobwerera.

"Ndamva. Mwana uja sanayendetsepo galimoto."

"Koma maliro wawaonapo ambiri."

A Luka anangoyang'ana msewu. Pa nyengoyi ankagona m'chisakasa cha nsomba kulondera matumba a usipa, ndipo zoti abwerere m'nyumba anakaniratu. Nachisale anawalekerera chifukwa mu Meyi anali atawagulira bulangete lochindikala kwa Mmwenye, ataumirira pamtengo mpaka mwini sitolo anapempha madzi akumwa. Munthu wofunda bulangete limenelo sangamve mwera, anatero mumtima.

Madzulo omwewo Nachisale anapita kwa Che Abbas, makaniko amene ankagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msewu. Anawapeza miyendo yokha ikuoneka pansi pa lole.

"Che Abbas, tulukani. Sindilankhula ndi mapazi."

Che Abbas anatuluka akupukuta manja. "Amayi, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Ndikufuna galimoto ija izilira ndi kiyi mpaka chisanu chithe. Osati hendulo. Kiyi."

"Inshallah, tiyesa. Koma pafunika oyilo watsopano, mapulagi, mwinanso batire. Ndili nalo lina lochoka pa lole ya ku Chipoka. Mundipatse madengu atatu a usipa."

"Atatu? Mukufuna kutsegula msika?"

"Batire si tomato, amayi."

"Batire lake logwirapo ntchito kale. Dengu limodzi."

"Wallahi, mukundipha. Awiri."

"Limodzi lodzaza mpaka kutayikira, ndi chambo ziwiri za mayi a kunyumba. Mukakana ndipita kwa Omari ku Salima."

"Omari amamanga injini ndi luzi."

"Luzi lakelo n'lotchipa."

Che Abbas anaseka mpaka kukhala pa tayala. Anagwirizana kuti afika m'mawa akangotha kuswali.

Anafikadi pa njinga kusanayere bwino, batire atalimanga kumbuyo, masipanala akulira m'thumba. Nachisale anali atadzuka kale, akuwayembekeza pafupi ndi galimoto, manja atabisa m'chitenje. Che Abbas anakoka waya, n'kutukula boneti, n'kuima.

"Amayi, tabwerani muone mwana wanu mmene wagonera."

Pamwamba pa injini panali bulangete. Lomwe lija la kwa Mmwenye, lofiirira la mizere yoyera, atalipinda kawiri n'kulilowetsa bwinobwino m'mbali ngati mmene amafunditsira khanda. Pakona pake panali patada ndi oyilo.

Nachisale anatembenuka n'kulunjika kuchisakasa. A Luka anali atadzipinda pamphasa, mawondo kuchibwano, atafunda chiguduli chimodzi cha usipa, mapazi ali pamtunda.

"Dzukani."

Anadzuka ndi chifuwa. Atatha kutsokomola anaona nkhope ya mkazi wawo, anaonanso boneti ili yasa panja, ndipo anayamba kufunafuna nsapato zimene zinali pamaso pawo pomwe.

"Kuyambira liti?"

"Masabata atatu basi."

"Masabata atatu. Ine ndikukuphikirani madzi a mandimu, ndikukuperekezani kuchipatala, kumeneko inu bulangete mwapatsa chitsulo. Chitsulocho chili ndi mapapo?"

"Injini ikagona yofunda siivuta kwambiri m'mawa."

"Nanga inu mukagona osafunda?"

A Luka anakanda kumutu. "Mayi a Molly, mukachedwa kufika pamsika mumakhala tsiku lonse osayankhula. Anzanu a ku Chipoka amakhala atatenga kale malo a pakhomo. Ndimafuna muzifika oyamba."

Nachisale anayang'ana kumbali. Anaumitsa nkhope msanga, chifukwa Che Abbas anali pafupi, makutu ali tcheru.

"Ndikafika woyamba ndili wamasiye ndiye ndipindula chiyani? Lowani m'nyumba. Usipawu kuyambira lero uzigona pabalaza."

"Nyumba inunkha."

"Inunkhe. Inunso mumanunkha petulo, ndakuthamangitsanipo?"

Che Abbas anagwira ntchito mpaka dzuwa kufika pamutu. Anakhetsa oyilo wakale, wakuda ndi wolemera ngati phula, n'kumuonetsa Nachisale pachala. "Uyu kukazizira amauma, ndiye injini imalephera kutembenuka." Anachotsa mapulagi n'kuika ena. Anapempha madzi otentha a m'ketulo n'kutsuka zoyera zonga mchere zimene zinamera pa mawaya a batire, kenako anaika batire la ku Chipoka lija, atalithira madzi a mvula amene ankasunga m'botolo chaka chonse. Anakungitsa lamba wa fani, anapopa matayala, anakonzanso nyali imodzi imene inkaphethira, poti m'dambo la panjira mumagwa nkhungu miyezi imeneyi. A Luka ankaonerera pazenera, akupereka malangizo amene panalibe anawapempha.

"Ndipo bulangete ayi, achimwene," anatero Che Abbas mokweza. "Tsiku lina mudzaiwala kulichotsa, galimoto yonse idzapsa. Muziimika pamtunda apa, mphuno kuloza kumsewu. Ikakana, muzikankha."

Pamene Che Abbas ankamanga dengu lawo panjinga, Nachisale anabwera ndi kanthu kokulunga m'chiguduli.

"Ichinso tengani. Mudzabweze mu Seputembala."

Che Abbas anasuzumira, n'kuona hendulo. "Amayi, mundidanitsa ndi mnzanga."

"Adane nanu ali moyo."

Masiku khumi ndi awiri galimoto inalira ndi kiyi. A Luka ankagona m'nyumba, chifuwa chinayamba kuphwa, ndipo ankauza aliyense kuti batirelo analisankha ndi iwo. Nachisale sanawatsutse.

Kenako linafika tsiku lina kumayambiriro kwa Julaye. Mwera unali utawomba masiku atatu osapuma, asodzi osalowa m'madzi, ndiye aliyense amene anali ndi usipa wouma ankadziwa kuti kumsika ukalandiridwa ndi manja awiri. Kunazizira moti madzi a mumtsuko ankaluma mano. Matumba anali atakwezedwa kale. Amayi anayi amene ankakwera nawo kumbuyo ndi madengu awo anali atakhala pamwamba pa katundu, atadzikulunga mpaka m'maso. Nachisale anafufuza khadi la chipani pamfundo ya chitenje, poti popanda ilo pachipata cha msika sadutsa munthu, n'kukhala kutsogolo.

A Luka anapotoza kiyi. Injini inabuula. Anapotozanso. Inabuula pang'ono, n'kusiya.

Anatsika, anavula jekete, n'kupisa dzanja kuseri kwa mpando. Anapisanso. Anagwada n'kusuzumira pansi.

"Mayi a Molly, hendulo yanga."

"Ili kwa Che Abbas."

"Ikutani kumeneko?"

"Ikupuma. Valani jekete."

"Mwapereka hendulo yanga osandiuza? Hendulo imene ndinabwera nayo ndi galimotoyi kuchokera ku Limbe?" Nachisale anaona kuti ulendo uno akwiyadi. "Ndiye tiyenda bwanji? Usipa wanu ukafika mawa."

"Ufika lero. Khalani pachiwongolero."

Nachisale anatsika n'kumenya mbali ya galimoto ndi chikhato. "Mayi a Rute, Nangozo, nonse tsikani. Mwakwera zaka zingati osaikankhapo?"

Amayiwo anatsika akuseka ndi kudandaula. A Luka anaima chilili, jekete lili m'manja.

"Ine ndikhale pansi, azimayi akukankha? Mudzi wonse ukuona?"

"Mudzi wonse unakuonani mutafunda chiguduli, simunafe ndi manyazi."

"Ndikankha nawo. Wina agwire chiwongolero."

"Ndani? Nangozo? Atilowetse m'nyanja?" Nachisale anawayandikira, natsitsa mawu kuti ena asamve. "Luka, ndakupemphanipo chinthu chiyambire? Ndimangolamula. Lero ndikupempha. Lowani."

Dzina lawolo anali asanalitchule chibadwire Molly. A Luka anavala jekete, anamanga mabatani onse mpaka pakhosi, n'kulowa.

"Giya yachiwiri," anatero Nachisale.

"Mundiphunzitsanso zimenezo?"

Amayi asanu anatsamira kumbuyo kwa pikapu. Poyamba matayala anakanirira mumchenga. Mayi a Rute anaterereka n'kutukwana galimotoyo ndi makolo ake omwe. Nangozo anayambitsa nyimbo ya pamtondo, onse anavomera, ndipo pikapu inasuntha, pang'ono, pang'ono, mpaka inapeza potsetsereka paja. Inayamba kuthamanga yokha. A Luka anachotsa phazi pa kilatchi, galimoto inadumpha, inatsokomola kawiri, n'kulira, utsi wakuda uli tolo kumaso kwa amayiwo.

Anaiimika kumunsi, phazi lili pamoto kuti isazime. Nachisale anafika womalizira, duku lili m'manja, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi njati. Anadziponya pampando n'kumenyetsa chitseko.

A Luka anamuyang'ana m'mbali. "Mukupuma moipa, mayi a Molly. Ndikutengereni kwa dokotala uja?"

"Yendetsani."

"Mawa ikakananso?"

"Tikankhanso. Mpaka Seputembala." Anatambasula dzanja n'kuwakonzera kolala ya jekete imene inapindika. "Koma pobwera muime kwa Che Abbas. Chambo ziwiri zija andibwezere."